Dzina la agogo lili pati?

 Monga mwa nthawi zonse, nkhani ya sabata ino tailembanso pano kuti amene mukuphunzira Chichewa muziwerenga pang'onopang'ono, n'kumabwerera m'mbuyo pomwe mwasokonezeka. Ndalemba pafupifupi mmene ndimayankhulira. Mukapeza Chichewa chopindika penapake mundikhululukire, nanenso ndinabadwira kuno ndipo ndikuphunzirabe. Lero ndikufuna ndiulule cholakwa chomwe ndinawachitira agogo anga, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu muli ndi mawu a makolo anu m'mafoni ndipo mukuganiza zowaika pa intaneti.

Chaka chatha mu Ogasiti ndinapita kumudzi ku Dedza, kwa agogo anga aakazi, mayi awo a amayi anga. Ndinanyamula foni ndi kamaikolofoni kakang'ono kokolowekera pa malaya. Cholinga changa chinali chimodzi: kujambula mmene agogo amatchulira mawu. Ife obadwira kunja timavutika ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu. Papepala, mtengo womera m'munda ndi mtengo wa shuga kumsika amalembedwa mofanana. Khungu la pathupi ndi khungu la munthu wosaona n'chimodzimodzinso. Koma agogo akatchula, khutu limamva kusiyana. Buku silingakuphunzitse zimenezo.

Ndiye kwa masiku anayi tinkakhala pakhonde m'mamawa, iwo atafunda chitenje chifukwa mphepo ya ku Dedza mukuidziwa, ine nditagwira pepala la mawu. Ndikatchula liwu, iwo ankalibwereza bwino. Nthawi zina ankandiimitsa. "Iyayi, amuna anga, amenewo si mawu, kumeneko n'kutafuna lilime." Kwa amene simunamvepo: agogo aakazi amatha kuitana mdzukulu wamwamuna kuti amuna anga, ndi nthabwala ya pakati pa agogo ndi adzukulu. Tambala akalira pakati pa liwu tinkayambiranso. Pomaliza ndinali ndi mawu pafupifupi 400, miyambi 20 ndi nthano ziwiri.

Nditabwerera kuno ndinadula mawuwo, liwu lililonse fayilo yakeyake, n'kuwaika pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ndi mawu yomwe Wikipedia imagwiritsa ntchito. Nthano ziwiri zija ndinayamba ndazisunga chifukwa zinkafunika kukonzedwa. Poika mafayilo, tsambalo limafunsa ngati ntchitoyo ndi yako kapena ya munthu wina. Ine ndinaganiza kuti foni ndi yanga, wodina batani ndine, wodula mafayilo usiku ndine. Ndinayankha kuti ndi yanga. Pamalo olemba mwini panalowa dzina la akaunti yanga, dzina lachibwana lomwe ndinadzipatsa ndili kusekondale. Layisensi ndinasankha CC BY-SA 4.0. Zonsezi sizinanditengere ngakhale mphindi imodzi.

Patapita miyezi, msuweni wanga wa ku Johannesburg ananditumizira uthenga: "Ase, awa si agogo awa?" Anali atapeza app ina yophunzitsa zilankhulo, ndipo ukadina liwu la Chichewa ankayankhula ndi agogo. Pansi pake panali kamzere kakang'ono: dzina la akaunti yanga lija, kenako Wikimedia Commons, kenako CC BY-SA 4.0. Ndinasangalala zedi. Ndinatumiza pa gulu la banja pa WhatsApp, ndipo amalume anatenga foni n'kupita nayo kwa agogo.

Amalume akuti agogo atamva liwu lawo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafunsa kuti timalemba ta pansito tikuti chiyani. Amalume anawerenga. "Nanga ameneyo ndani?" "Ndi mdzukulu wanu uja, amayi." Madzulo ake ndinalandira uthenga wamawu. Sanakalipe, anayankhula mofatsa ngati akufunsa za mvula. "Amuna anga, mawu ndawamva, ndi angadi. Koma dzina langa lili pati?"

Ndisaname, poyamba ndinkafuna kuloza chala eni app aja. Ndinatsegula layisensi ija kuti ndipeze pomwe analakwira, n'kuiwerenga yonse kwa nthawi yoyamba. Sanalakwe paliponse. Analemba ndendende zomwe ine ndinawapatsa.

Layisensi yaulere ndi chiyani?

Tiyambire pachiyambi. Munthu akalemba nkhani, akajambula chithunzi kapena akapeka nyimbo, lamulo limamupatsa umwini wa ntchitoyo nthawi yomweyo, popanda kukalembetsa ku ofesi iliyonse. Mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, Britain, South Africa ndi America, amatsata mfundo imeneyi kudzera m'pangano la Berne lomwe linayamba mu 1886. Tanthauzo lake n'lakuti wina aliyense wofuna kukopera ntchito yako kapena kuisintha ayenera kupempha kaye.

Layisensi yaulere ndi chilolezo chomwe mwini amaperekeratu kwa aliyense, ngakhale kwa anthu omwe sadzawaona. Zili ngati mwini mango kunena kuti aliyense wodutsa athyole, asachite kugogoda pakhomo, bola atsate malamulo awiri kapena atatu omwe alembedwa pamtengopo. Mango akadali ake. Chomwe wachotsa ndi kupempha kokha.

Malayisensi odziwika kwambiri a zithunzi, mawu ndi zolemba ndi a bungwe la Creative Commons. Bungweli linayamba ku America mu 2001, mmodzi mwa oyambitsa ake ndi mphunzitsi wa zamalamulo Lawrence Lessig, ndipo malayisensi oyamba anatuluka mu Disembala 2002. Pachiyambi munthu ankatha kusankha kuti azitchulidwa dzina kapena ayi. Koma pafupifupi aliyense ankasankha kutchulidwa, moti mu 2004, potulutsa mtundu wa 2.0, bungweli linangoti kutchula mwini kukhale m'malayisensi onse. N'chifukwa chake malayisensi awo asanu ndi limodzi onse amayamba ndi zilembo ziwiri, BY, zomwe zikutanthauza kuti ntchitoyi ndi ya wakutiwakuti.

Zilembo zinazo zimawonjezera malamulo. SA akuti ukasintha ntchitoyo, yakoyo uigawenso pa layisensi yomweyo. NC akuti usapangire malonda. ND akuti usagawe zomwe wasintha. Wikimedia Commons salola NC ndi ND, chifukwa kumeneko amafuna zinthu zomwe aliyense angasinthe ngakhale kugulitsa. Ndiye eni app aja, ngakhale atamalipiritsa, layisensi yomwe ndinasankha inawalola.

Zomwe wogwiritsa ntchito ayenera kulemba

A Creative Commons amalangiza kuti potchula mwini pakhale zinthu zinayi, zomwe m'Chingerezi amazifupikitsa kuti TASL. Choyamba ndi mutu wa ntchitoyo, ngati ili ndi mutu. Chachiwiri ndi mwini wake. Chachitatu ndi gwero, kutanthauza linki yopita komwe waitenga. Chachinayi ndi dzina la layisensi ndi linki yake, kuti wina wodzaipeza kwa iwe adziwe kuti nayenso ali ndi ufulu womwewo. Mu mtundu wa 4.0, womwe unatuluka mu Novembala 2013, kulemba mutu sikokakamiza, koma ndi ulemu. Ndipo ngati wasintha kanthu, kaya wadula, wamasulira kapena waikamo nyimbo pansi, uyenera kunena kuti wasintha.

Layisensi siuza munthu malo enieni oika zimenezi. Imati achite m'njira yoyenerana ndi chomwe akupanga. Wopanga filimu amaika kumapeto pomwe mayina amakwera. Wosindikiza buku amatha kuika pansi pa chithunzi kapena patsamba lomaliza. Ife a podcast timatchula pakamwa kumapeto kwa pulogalamu n'kulembanso pansi pake, chifukwa linki siwerengeka bwino pakamwa. Palinso lamulo loti wotchula dzina lako asaonetse ngati iwe ukugwirizana ndi zomwe iye akuchita. Wina akatenga liwu la agogo n'kuliika mu malonda a sopo, sangalembe ngati agogo avomereza sopoyo.

Tsopano apa ndi pomwe ndinadzipeza. Layisensi imauza wogwiritsa ntchito kuti asunge mayina omwe apatsidwa limodzi ndi ntchitoyo. Simutuma kukafufuza kuti wagwira ntchito yeniyeni ndani. Ngati woika fayilo walemba dzina limodzi, dzina limodzilo ndi lomwe lidzayende dziko lonse. Chinandipweteka kwambiri ndi chakuti layisensi yomweyo imanena momveka kuti mwini angathe kutchula anthu enanso oyenera kulandira ulemuwo, ndipo onse otenga ntchitoyo ayenera kusunga mayinawo. Malo a dzina la agogo analipo kuyambira tsiku loyamba. Ine ndi amene ndinawasiya opanda kanthu.

Ndinazindikira pambuyo pake kuti pali ngakhale chida chopangidwira ntchito ngati yangayi. Chimatchedwa Lingua Libre, anachiyambitsa a Wikimédia France, ndipo chimajambula mawu amodziamodzi n'kuwatumiza ku Wikimedia Commons. Chidachi chimasiyanitsa woyankhula ndi wojambula, chifukwa nthawi zambiri amakhala anthu awiri. Ndikanayambira kumeneko, funso lakuti woyankhula ndani likanandipeza ndisanadine batani.

Anthu akachuluka, mayina amapita kuti?

Nkhani yanga inali ya anthu awiri okha. Koma taganizani nkhani imodzi ya pa Wikipedia yomwe akonza anthu mazana, wina ndime yonse, wina kachilembo kamodzi. Mayina onsewo alembedwe pati? Vutoli ndi lakale, ndipo anayamba kukumana nalo ndi opanga mapulogalamu a kompyuta.

Yunivesite ya California ku Berkeley inali ndi layisensi yotchedwa BSD. Layisensiyo inali ndi lamulo loti aliyense wotsatsa malonda a pulogalamu yokhala ndi ntchito yawo alembemo chiganizo chothokoza yunivesiteyo. Chiganizo chimodzi sichinali vuto. Koma ena anayamba kutengera lamulolo, aliyense n'kuikapo dzina lake. Richard Stallman, woyambitsa Free Software Foundation, anawerenga ziganizo zotere zokwana 75 mu NetBSD ya mu 1997. Tangoganizani chikwangwani cha malonda chokhala ndi mizere 75 ya zikomo. Mu 1999 yunivesiteyo inachotsa lamulolo.

Wikipedia, yomwe inayamba mu 2001, poyamba inkagwiritsa ntchito layisensi yotchedwa GFDL. Imeneyi anailembera mabuku ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, mabuku okhala ndi olemba ochepa. Imati wosintha buku alembe patsamba loyamba mayina a olemba akuluakulu osachepera asanu, kapena onse ngati sakukwana asanu, asunge gawo la mbiri ya bukulo, ndiponso asindikize layisensi yonse limodzi nalo. Kwa buku lalikulu n'zotheka. Koma mphunzitsi wofuna kukopera ndime imodzi, layisensi inkatalika kuposa ndimeyo. Mu 2009, olemba atavota, Wikipedia inasamukira ku CC BY-SA 3.0, ndipo mu 2023 inapita ku 4.0.

Njira yomwe anapeza ndi iyi. Aliyense wolemba pa Wikipedia amavomereza, nthawi yomwe akusunga zomwe walemba, kuti linki yopita ku nkhaniyo ndi yokwanira pomutchula. Nkhani iliyonse ili ndi tsamba la mbiri yake, pomwe pamaoneka kuti wakutiwakuti anasintha chakuti tsiku lakuti. Ndiye wokopera amangoloza ku nkhaniyo, mayina onse ali kuseri kwake. Izi zikukukhudzani inu amene mumayeseza Chichewa pomasulira nkhani za Wikipedia yachingerezi kupita ku yachichewa. Kumasulira n'kusintha ntchito ya ena. Choncho m'kabokosi kofotokoza zomwe mwachita lembani kuti mwamasulira kuchokera ku nkhani yakuti, n'kuikapo linki yake. Mukapanda kutero mumadula chingwe chopita kwa olemba oyamba, ndipo mbiri imaoneka ngati zonse zachokera m'mutu mwanu.

A OpenStreetMap, omwe amapanga mapu aulere kuyambira 2004, anafupikitsa kuposa pamenepa. Kuyambira 2012 amagwiritsa ntchito layisensi ya ODbL, ndipo wotenga mapu awo amangotchula OpenStreetMap basi. Mukatsegula mapu awo a Lilongwe, msewu uliwonse pali munthu amene anaujambula, ndipo dzina la akaunti yake lili m'mbiri ya msewuwo. Koma pakona pa mapu onse amatchulidwa ngati gulu limodzi.

Kenako pali CC0, yomwe Creative Commons inatulutsa mu 2009. Apa mwini amasiya umwini wake wonse mmene lamulo lingalolere, ndipo palibe wokakamizidwa kumutchula. Ntchito ya Mozilla yotchedwa Common Voice, yomwe inayamba mu 2017 kusonkhanitsa mawu a anthu m'zilankhulo zosiyanasiyana, inasankha njira imeneyi. Chifukwa chake n'chomveka: mawu a anthu zikwizikwi akasakanizidwa, kutchula aliyense n'kosatheka. Koma wopereka liwu lake kumeneko ayenera kudziwiratu kuti dzina lake silidzamveka.

Mukuona mmene zikuyendera, eti? Opereka akamachuluka, dzina la munthu mmodzi limasunthira kutali: kuchoka pansi pa chithunzi, kupita kuseri kwa linki, kulowa m'dzina la gulu, mpaka kusowa. Palibe njira yomwe ili yoipa payokha. Choipa n'kumuika munthu m'njira ina iye asakudziwa.

Dzina liti?

Nditavomera cholakwa changa ndinaimbira amalume kuti andipatse agogo. Ndinapepesa, ndipo ndinati ndikonza lero lomwe. Kenako ndinafunsa funso lomwe sindinaliganizirepo: ndilembe dzina liti?

Kuno ku Britain funso limeneli n'lophweka, umalemba la pa pasipoti. Kwathu si choncho. Ine pakamwa panga sipanatulukepo dzina loyamba la agogo, ndipo amayi anga akanandimva ndikulitchula akanandithamangitsa m'nyumba. Agogo ali ndi dzina lomwe anabatizidwa nalo, ali ndi dzina la malemu agogo aamuna, pamudzi ena amawaitana potchula mwana wawo woyamba, ndiponso ali ndi dzina la mfunda. Kwa amene simukudziwa, mfunda ndi dzina la fuko lomwe munthu amabadwa nalo, ndipo kwa amayi limayamba ndi Na, monga Naphiri kapena Nabanda. Kuitana mayi wamkulu ndi mfunda wake ndi ulemu.

Agogo sanachedwe. Anati dzina lawo loyamba lisakhale pamalo poti mwana aliyense aziliwerenga mokweza. Anasankha mfunda, ndipo anati ndiwonjezere kuti ndi a ku Dedza kuti anthu adziwe kuti Chichewa chimenechi n'cha kuti. Layisensi imalola zimenezi. Imati mwini atchulidwe m'njira yomwe wapempha, ngakhale ndi dzina lomwe si la pa chiphaso, bola njirayo ikhale yotheka.

Pali enanso omwe safuna kutchulidwa n'komwe. Azakhali anga a ku Leeds anandithandiza kufotokoza miyambi ingapo, ndipo nditawafunsa anayankha msanga: "Iwe, dzina langa lisayende pa intaneti. Ukalembe kuti azakhali, basi." Nawonso layisensi inawaganizira. Mwini angathe kugawa ntchito popanda dzina. Angathenso kupempha wogwiritsa ntchito kuti achotse dzina lake, mwachitsanzo ngati ntchitoyo yaikidwa pamalo omwe sakusangalala nawo, ndipo wopemphedwayo ayenera kuchotsa ngati n'zotheka.

Koma panali chinthu china cholemera chomwe ndinayenera kuwauza agogo. Malayisensi a Creative Commons sabwezedwa. Ungathe kusiya kugawa, koma amene anatenga kale ali ndi ufulu wopitiriza kugwiritsa ntchito malinga akutsata malamulo ake. Ine ndinapereka liwu la agogo kwa dziko lonse mpaka kalekale, pomwe iwo ankadziwa kuti ndikujambula kuti ine ndi anzanga tiziphunzira. Munthu sangapereke chilolezo pa chinthu chomwe si chake yekha. Ndinayenera kuwafotokozera zonsezi tili pakhonde paja, maikolofoni isanayake.

Ndinafotokoza pafoni mmene ndikanathera, amalume akuthandiza pomwe Chichewa changa chinathera. Ndinawauza kuti munthu wa dziko lililonse angatenge liwu lawo, ngakhale kupangira ndalama, ndipo iwo sadzalandira kanthu. Anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati, "Walira mvula walira matope. Ngati ana akuphunzira, zisiye. Koma ulendo wina uzifunsa." Akanakana, ndikanapempha kuti mafayilo achotsedwe pa Wikimedia Commons, koma omwe anafalikira kale sindikanawapeza onse.

Nthano ndi ya ndani?

Mwayi wake nthano ziwiri zija zinali zikadali mu kompyuta yanga. Nditafunsa ngati ndizilembe pa dzina lawo, agogo anakana. Anati nthanozo anazimva kwa agogo awo, ndipo agogo awowo anazimvanso kwa ena. "Ine ndinangozisunga. Ukalemba kuti ndi zanga, wanama kachiwiri."

Apa malayisensi aja amafika pamalire. Anapangidwa poganiza kuti ntchito iliyonse ili ndi mwini wodziwika amene angathe kuipereka. Nthano ilibe mwini wotero. Ngakhale kafotokozedwe kake n'ka gulu: wofotokoza akati padangotero, omvera amayankha kuti tili tonse, ndipo popanda oyankhawo nthano siyenda. Pa zomwe ndinajambula pamamveka ana a amalume akuyankha. Nawonso ali m'gulu la opereka.

Lamulo la ku Malawi lili ndi yankho lakelake. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limaika umwini wa zamakolo, monga nthano, m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a m'dzikolo, ndipo wofuna kupangira malonda amafunika chilolezo. Bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso kumeneko ndi COSOMA. Choncho liwu la agogo ndi kafotokozedwe kawo ndi zawo, koma nthano yeniyeniyo si ya iwo kapena ine kuti tiuze dziko kuti tengani mugulitse. Tinagwirizana kuti nthanozo sitiziika pa layisensi yaulere. Tidzaziulutsa pa pulogalamu ino, ndipo tidzanena mmene agogo ananenera: yofotokozedwa ndi iwo, monga anaimvera kwa agogo awo, oyankha ndi adzukulu.

Wina akaiwala kukutchulani

Pa nthawi yomweyi msuweni wanga uja anapezanso kavidiyo kakafupi komwe munthu wina anaikamo miyambi itatu ya agogo. Uyu sanalembe kalikonse, ngakhale dzina langa lachibwana lija. Msuweni anapsa mtima, ankafuna tikamuneneze kuti kavidiyoko kachotsedwe. Kunena zoona, pamenepa layisensi inaphwanyidwadi, ndipo munthu akaiphwanya chilolezo chake chimatha pompo.

Koma mtundu wa 4.0 unabweretsa chinthu chabwino. Wolakwa akakonza cholakwacho pasanathe masiku 30 kuchokera pomwe wachidziwa, chilolezo chimabwerera chokha. Mitundu yakale inalibe mpata umenewu, ndipo anthu ena anapezerapo malonda: kugawa zithunzi pa layisensi yakale, kudikira kuti wina alakwitse kalembedwe ka dzina, kenako n'kumuopseza kuti alipire ndalama. N'chifukwa chake ndimati mukamasankha, sankhani 4.0.

Ine amene ndinali nditangokhululukidwa kumene sindikanatha kuwira munthu. Ndinamulembera mwaulemu, n'kumupatsa mzere wokonzakonza woti angokopera. Anayankha tsiku lomwelo. Anali mtsikana wa ku Bulawayo, agogo ake anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi, ndipo kunyumba kwawo Chichewa chinatha ndi malemuwo. Iye ankaganiza kuti chaulere n'chaulere basi. Anakonza, n'kufunsa ngati angawatumizire agogo moni. Panopa amamvera pulogalamu ino. Moni kwa inu achemwali, mukudzidziwa.

Zomwe tasintha

Ndinabwerera pa Wikimedia Commons n'kukonza mafayilo onse. Tsopano akuti woyankhula ndi agogo, pa dzina la mfunda wawo, a ku Dedza, ndipo wojambula ndine. Ndinalembera eni app aja kuwapempha kuti asinthe kamzere kaja. Sanali okakamizidwa, poti iwo anatsata zomwe anapeza, koma anasintha patatha milungu iwiri. Makope ena omwe anthu anatenga kale akuyendabe ndi dzina langa lokha, ndipo palibe chomwe ndingachite.

Pa pulogalamu ino tayamba mwambo watsopano. Tisanajambule munthu aliyense timamufunsa mafunso atatu, m'chilankhulo chomwe amamva bwino, ndipo mayankho ake timawajambulanso. Kodi mukulola kuti mawu anu atengedwe ndi aliyense, kulikonse, ngakhale wopangira ndalama, podziwa kuti simudzatha kubweza? Kodi mukufuna kutchulidwa, ndipo ndi dzina liti? Kodi zomwe mukunenazi ndi zanu, kapena munazimva kwa ena oyenera kutchulidwanso? Akakana funso loyamba, mawuwo amakhala a pulogalamu ino yokha kapena a banja lokha. Inunso amene mukupita kumudzi pa Khirisimasi ndi mafoni anu, funsani mafunso amenewa muli pamkeka pomwepo. Kufunsa pafoni patatha chaka n'kowawa, ndakuuzani ine.

Sabata yatha amalume anapitanso ndi foni kwa agogo n'kuwawerengera kamzere katsopano. Akuti anapempha kuti awerengenso kachiwiri. Kenako ananditumizira uthenga wamawu wa masekondi khumi. Anati dzina alimva, lili bwino, koma liwu loti khungu ndinaika lolakwika pamalo ake, la pathupi ndinaliika pa la maso, ndiye ndikonze anthu asanayambe kuseka a ku Dedza. Ndakonza usiku wathawu.

Sabata yamawa tidzaulutsa nthano yoyamba ija. Mukonzekere kuyankha kuti tili tonse, ngakhale muli nokha m'basi. Ngati muli ndi funso pa za malayisensi, kapena nanunso munalakwitsapo ngati ine, titumizireni uthenga wamawu, ndipo munene dzina lomwe mukufuna kuti tikutchuleni nalo.